Chingwe cha m'Khosi

Lenia anafika pasukulu ya mkombaphala Lachisanu m'mawa atamanga kale mtima. Kiyi wa kalasi, amene kwa zaka khumi ndi chimodzi ankalendewera pachingwe m'khosi mwake, tsikuli anali m'manja. Ankapita kukam'pereka kwa a Makina, wapampando wa komiti, nkhani ithere pomwepo.

Chifukwa chake sichinali chovuta. Kudambo, mbande zake za mpunga zinali zitapitirira msinkhu. Anzake onse a ku Mkhumba anali atawokera, koma zake zinali zikadali panazale, zothinana, nsonga zitayamba chikasu. Sabata ina imodzi, zikanasanduka udzu wa ng'ombe. Mwamuna wake anawoloka kupita ku Mozambique chaka chatha, ndipo ana anayi kunyumba ankayang'ana iye. Komabe m'mawa uliwonse mpaka dzuwa paliwombo ankaimbitsa ana a eni ake makumi anayi ndi kuwapukuta mamina, kwaulere. Mpunga sudikira nyimbo.

Pabwalo anapeza mabenchi a kutchalitchi atandandalikidwa, galimoto yoyera ya bungwe lowapatsa ufa wa phala itaima pansi pa mtengo wa mango.

"Mayi Lenia, mwachedwa!" anatero a Makina, mphunzitsi wopuma, atavala jekete kunja kukutentha chonchija. "Alendowa akudikira inu."

"Ine ndabwera ndi mawu, aphunzitsi."

"Mawu tonse tili nawo. Khalani kutsogoloku."

Mng'ono wake Maggie anamukodola kuchokera kumbuyo. "Achemwali, mwapereka?"

"Ndipereka."

"Perekani msanga. Madzi ayamba kuphwa kudambo. Setifiketi sadya."

Ndiye kuti onse ankadziwa za mwambowu kupatula iye. Mayi wa kubungwe anaimirira n'kuwerenga pepala lolimba la m'mbali mwagolide, Chingelezi chokhachokha. A Makina anatsokomola, nakonza magalasi. Kumasulira inali ntchito imene ankaikonda kuposa kudya.

"Pali mawu amodzi apa amene sindingawalumphe," anatero. "Akuti mayiwa ndi devoted. Mneni wake ndi devote. Azungu amanena choncho munthu akapereka nthawi yake ndi mtima wake wonse ku chinthu chimodzi, monga mayi kwa mwana wake. Koma mawuwa nawonso anachita kubwereka ku Chilatini. Kumeneko ankatanthauza kulumbira kuti chinthu ichi ndachipereka kwa milungu. Ukatero basi, chachoka m'manja mwako. Mwaiona mbuzi ya masika ija timaimanga kansalu kofiira m'khosi? Saigulitsa, saipha, ngakhale m'nyumba mugwe njala. Ili ndi Mwini wake. Mayi Lenia ndi otero!"

Nthungululu zinang'amba bwalo.

Mbuziyo Lenia ankaidziwa bwino. Chaka chatha mpingo unaisungitsa kwake. Anaikhomera chikhomo kuseri kwa khitchini, ndipo inadya udzu mozungulira mpaka pansi panayera ngati dwale. Aliyense wodutsa ankaiyamikira. Iyo inkangotambasula khosi kuloza chimanga chobiriwira chimene chinali pataliko pang'ono ndi pothera chingwe.

Anamuitana Lenia kuti alandire setifiketiyo. Dzanja lamanja linagwira pepala, lamanzere linafumbata kiyi. Mnyamata wa kamera anamuuza kuti amwetulire, ndipo anaonetsa mano.

"Tilankhuleni, mayi," anatero mlendo uja.

Lenia anayamba kulankhula. "Zikomo. Koma ine mpunga wanga..."

"Mulungu akudalitseni, anti!" anafuula make Eneya, mnansi wake wa kudambo, matope akadali m'miyendo. "Ife tikanawokera bwanji popanda inu kutisungira anawa?"

Anthu anawomba m'manja. Lenia anayang'ana miyendo ya amayi onse a pabenchi loyamba. Yonse inali ndi matope. Yake yokha ndiyo inali yoyera.

Mwambo utatha anawatsatira a Makina kuseri kwa kalasi n'kutambasula dzanja.

"Kiyi uyu, aphunzitsi. Lolemba atsegule wina."

A Makina anaika manja kumbuyo ngati aona njoka. "Lero? Alendo asanakwere n'komwe galimoto? Chithunzi chanu chikupita ku Blantyre, mayi. Akamva kuti mwasiya, ufa wa phala atitsekera. Ana makumi anayi amenewa mudzawayang'ana ndi maso ati?"

"Nanga anga anayi?"

"Dikirani temu ithe."

"Temu ikamatha, dambo lauma."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero a Makina mofatsa, ndipo anathamangira kukatsanzika alendo.

Lenia anaima yekha. Pakhomo la kalasi panali msomali. Akanatha kum'pachika kiyiyo pamenepo n'kumapita, palibe akanamugwira mwendo. Koma anaona kale Lolemba: tiana titakhala pakhonde ndi makapu awo apulasitiki, tikuyang'ana kunjira. Anatukwana chamumtima, osadziwa kuti akutukwana ndani.

Anafika kudambo dzuwa litapendeka. Maggie anaweramuka m'munda mwake.

"Mwapereka?"

Lenia anaika setifiketi pachulu n'kuipsinja ndi mwala, nakwinya chitenje, nalowa m'matope. Kuzula mbande kumafuna manja awiri, ndipo diresi lake linalibe thumba. Anayang'ana kiyi uja kanthawi, kenaka anadutsitsa chingwe pamutu.

Anawerama. Mbande zokalamba zinkaduka mizu, zinkafuna kunyengerera imodziimodzi. Akabaya phesi m'matope, kiyi ankalendewera n'kumugunda pachibwano. Pamene ana ake anayamba kumuitana kumtunda, anaweramuka kuti aone pamene wafika. Anali atawokera kamalo kozungulira pamene anaima, kukula kwake ngati pamene padya mbuzi yomangirira.