Tsiku Limene Dotolo Anatumidwa

"Imbaninso pang'ono, pomwe agogo anu ankakwezera mawu paja," anatero Apulofesa, akukankhira kachojambulira mawu pafupi ndi mbale ya mlendo.

Mlendoyo anali Dotolo, dokotala wa mano, bwenzi la Mzime, mwana wawo womaliza. Dotoloyo anabadwira kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene makolo ake anapita kalekale ali m'maunyolo. Nanga Apulofesa si ndiwo anakalambira payunivesite akulemba mbiri ya anthu amenewa, nyimbo zawo, ndi nkhanza zomwe anaziona chifukwa cha khungu? Mzime atabwera naye mnyamatayo, akuluwo anangoti laponda lamphawi.

Lamlungu lililonse inali yomweyo. Mpando wofewa, wa Dotolo. Kapu yamaluwa yosungira alendo, ya Dotolo. Akati achotse mbale, "Ayi ayi, khalani!" Kenako mafunso ngati kupolisi.

Tsikulo Dotolo anaimba mzere umodzi, n'kupempha kuti akapitidwe mphepo panja. Mzime anatsatira bambo ake kuchipinda cha mabuku, maso ali psuu.

"Adadi, munthu uja akuti sabweranso. Za ukwati akuti tiyambe taganiza bwino."

"Ha! Talakwanji? Si timamulandira ngati bwana?"

"Vuto lake ndi lomwelo. Akuti kwawo amamuona khungu, kuno mukumuona mbiri. Munayamba mwamufunsapo kuti wadzuka bwanji?"

Apulofesa anachita manyazi, komanso mantha, poti mnyamatayo ankamukonda zenizeni.

"Ndinakuuzani ine," anatero akazi awo ali pakhomo, chokolopera chili m'manja. "Mwana wa eni mwamusandutsa chaputala cha buku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani."

Anamupeza Dotolo ali pageti, makiyi a galimoto ali m'manja. Apulofesa anakonza kukhosi, manja kumbuyo ngati ali m'kalasi.

"Achimwene, tikaona mbiri ya anthu athu obalalika, tipeza kuti pali mfundo zingapo..."

Abale inu, kupepesa kwake kumeneko? Mzime anagwira kumutu. Dotolo anayang'ana wotchi.

Pomwepo zenera la kukhitchini linatseguka kuti phwaa, amayi ake a Mzime n'kusuzumira.

"Gasi watha! Iwe Dotolo, waimiranji ngati mtengo wa magetsi? Bwera unyamule silinda iyi ukasinthe kusitolo. Fulumira, madzi a tiyi akuzizira!"

"Mayi!" anadzidzimuka Apulofesa. "Mlendo ameneyu!"

"Mlendo wanji wodya pano Lamlungu lililonse? Ali ndi manja."

Dotolo anayang'ana kuzenera, n'kudziloza pachifuwa. "Ine?"

"Nanga pali Dotolo wina?"

Mnyamatayo anaseka, kuseka kochokera pansi pamtima komwe m'nyumbamo anali asanakumvepo. Anaponya makiyi m'thumba, kupinda malaya, silinda paphewa. Apulofesa anamuyang'ana, mutu n'kuyamba kugwira.

"Ukabwerako," anatero mokayikira, "babu ya pakhonde inapsa. Komanso dzino langa ili lakhala likundisowetsa mtendere, kungoti ndimachita manyazi."

"Mwezi wonse mukutafunira mbali imodzi, ndimakuonani," anayankha Dotolo. "Mawa mubwere kuntchito. Ndipo kumeneko wofunsa mafunso ndine."

"Mayo ine, ndapita!" Apulofesa anagwira tsaya, Mzime ali chikhakhali, misozi ili mbwe.

Atabwerako kusitolo, Dotolo analowa ndi nsapato pomwe amayi anali atangokolopa. Anamukalipira mpaka oyandikana nawo anamva. Iye anangoima pamenepo, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati wapatsidwa mphoto. Tiyi anamwera m'kapu yobenthuka, atakhala pakampando ka kukhitchini.

Potsanzika anaima pakhomo, dzanja la Mzime lili m'dzanja lake.

"Amayi, Lamlungu ndibwere nthawi yanji?"

"Ulawirire. Makatani onsewa ndi ofunika kutsitsa."