Jasi la ku Tsangano

A Jeremiah anali atagawa kale nsapato ndi maovololo pamene anatuma Rebeka kukatenga sutikesi ya pansi pa bedi. Mtsikanayo anaiika pamkeka, pakati pa achibale, n'kubwerera pakhonde. Sabata inali itatha chiikireni m'manda bambo ake, a Zakaria, ndipo banja linasonkhana kunyumba kwawo m'tauni, ku Mufakose, kudzagawa zovala za malemu, monga achitira anthu a kuno.

Koma chimene chinali m'mitima ya anthu sichinali zovala. A Adelaide, mng'ono wa mayi ake a Rebeka, anabwera kumaliro kuchokera ku Tsangano, kumapiri a m'malire a Mozambiki ndi Malawi. Ankabwerera Loweruka, ndipo ankafuna kutenga mkulu wawo.

"Munda wa amayi athu wamera tchire," anatero a Adelaide. "Ine msana watha. Achemwali abwere adzalime chawo."

"Mainini, kumeneko kuli chiyani?" anafunsa Denzel, mchimwene wake wa Rebeka, akuyang'ana mayi ake aang'onowo. Chichewa chake chinali cholemera lilime. "Shuga akawakwera muwanyamula pangolo? Ana anga akaweruka kusukulu amafikira pano, ine ndi mkazi wanga Gamuchirai tili kuntchito. Zija za mapiri zinali za malemu Dhedhi. Zapita nawo."

Mayi Lidia, mkazi wa malemu, ankangosalaza mpango wakuda pabondo.

A Jeremiah, mng'ono wa malemu, anaseka akulimbana ndi loko wa sutikesi. "Achimwene anga aja! Tonse tinabadwira m'nyumba muno. Ngakhale Nyamapanda, pachipata cha malire paja, sanaione. Phiri lokha limene anakwerapo ndi Kopje ya m'tauni, nalonso anapumira panjira. Koma akayamba za ku Tsangano, umati anadyetsako mbuzi."

Anthu anaseka. Rebeka sanaseke. Ankakumbukira bambo ake akafika madzulo kuchokera kumafakitale a ku Workington, kumene ankawotcherera zitsulo. Ankakhala pakhonde pomwepo, navula nsapato, n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake banja liyenera kusamukira kumapiri. Kumeneko madzi sudikira kuti mpopi ukukumbukire, amatuluka okha m'thanthwe, ozizira mpaka mano kuwawa. Kachewere wake ndi wofanana ndi chibakera. Nkhungu ikatsika m'mawa, mnzako umamumva kutsokomola usanamuone. Ankalankhula mokweza, nkhope atalozetsa kukhitchini, ndipo Rebeka anazindikira kalekale kuti mbale zinkasiya kulira m'beseni.

"Ndiye mapichesi," ankatero, "akapsa mu Juni amangodyedwa ndi nkhumba."

"Disembala!" ankafuula mayi ali m'khitchini. "Mu Juni kuli chisanu chokhachokha. Musamanamize ana."

Ndipo ankapitiriza pang'ono, za mtengo umene unali kuseri kwa nkhokwe, za tirigu wa m'dimba la agogo, kenako n'kudukiza ngati munthu amene waponda munga. Kupatula nthawi zoterozo, mayi sankatchula n'komwe za kwawo. Anathawako nkhondo ali mtsikana, ndipo amayi awo anamwalira iwo osapita kukawaika.

Loko anatseguka. Fungo la mankhwala a njenjete linadzaza pabwalo. M'sutikesimo munali chinthu chimodzi chokha: jasi lobiriwira, laubweya, lopindidwa bwino.

"Eya, ili ndiye la ku Tsangano," anatero a Jeremiah. "Jasi la bambo limapita kwa mwana wamwamuna. Denzel, tavala tione."

Denzel analowetsa mkono umodzi. Wachiwiri unakanirira pachigongono, jasi n'kumumanga mapewa ngati nkhuku ya pamsika. Ana anagwa nako kuseka.

"Chimunthu chonse chija chikanalowa bwanji umu?" anadabwa a Jeremiah. "Anawabera kusitolo achimwene."

Rebeka sanazolowere kulankhula pagulu.

"Mabatani ali kumanzere," anatero.

"Wati chiyani, mwana wanga?"

"Mabatani, bambo aang'ono. Ali kumanzere. Ndi lachikazi."

Kuseka kunatha. A Jeremiah analitembenuza jasilo, nayang'ana mabatani, kenako anayang'ana alamu awo.

Mayi Lidia anasiya kusalaza mpango. Anayamba kulankhula maso ali pamkeka.

"Tsiku limene tinathawa ndinali ndi chitenje chimodzi. Tinagona m'phiri, mwezi wa chisanu. Titangokwatirana ndinawauza bambo a Denzel kuti mfuti ndinaziiwala, koma kuzizira kuja ayi. Ndinati kumeneko sindingabwererenso wopanda chofunda." Anapukuta mphuno. "Ndinanena kamodzi kokha. Ndinkayesa sanamve."

"Nanga za madzi zija, za kachewere?" anafunsa a Adelaide.

"Zonse zinali zanga. Nditasiya kuzinena, iwo anazitola."

Pamenepo Rebeka anamvetsa za mapichesi. Munthu amene sankaphonya muyeso wa chitsulo sakanaiwala mwezi umodzi kwa zaka zonsezo. Ankalakwitsa dala, kuti mayi alankhuleko za kwawo.

Denzel anavula jasi lija pang'onopang'ono, kuopa kuling'amba. Anaima nalo m'manja, akuyang'ana ana ake awiri amene anali atatsamira agogo awo.

"Mhamha," anatero kwa mayi ake, mawu atatsika, "inuyo mukufuna kupita?"

Chiyambireni maliro, palibe anali atawafunsa.

"Ndikufuna ndikaone pamene anagona amayi anga," anayankha. "Ndilime dzinja limodzi. Zikandikanika, msewu ndi womwewo."

"Mankhwala anu a shuga?"

"Rebeka andilongedzera. Chipatala kulinso, si kutchire."

"Anawa ndiziwalandira ine akaweruka," anatero Rebeka, nadabwa kumva mawu ake kachiwiri.

Denzel anapuma mozama. Kenako anapita kumbuyo kwa mayi ake, natambasula jasilo monga amachitira bambo povalika mwana. Mayi anaimirira n'kulowetsa manja. Linawakwana mapewa, ndipo mikono yake inathera pamfundo penipeni pa dzanja.

Anapinda mkono umodzi kuti aone. Mkati mwake munali mopindidwa ndi kusokedwa pamanja, msoko wokhotakhota, ndi ulusi wakuda wokhuthala uja a Zakaria ankasokera magolovesi awo akuntchito. Mayi anayendetsa chala chachikulu pamsokowo kuyambira poyamba mpaka pamfundo yake.

"Chabwino," anatero Denzel, akuyang'ana kumbali. "Koma anawa muziwatumizira mapichesi. Mu Juni."

Rebeka anamuyang'anitsitsa mchimwene wake. Sanathe kudziwa ngati anaiwaladi.

"Disembala," anatero mayi.

Dzuwa linali likuswa mtengo, koma anamanga mabatani onse mpaka la pakhosi.