Phazi la a Kapitawo

Lestina anagwada ndi beseni la madzi a mchere, koma manja ake anakana kukhudza bandejiyo. Panali patatha masiku anayi chiikireni mayi ake m'manda, ndipo m'chipwirikiti cha maliro palibe anamasula phazi la bambo ake.

A Elson, amene kale anali kapitawo wa othyola tiyi, ankadwala shuga. Msomali unawabaya kuchidendene iwo osamva, bala linalowa mkati n'kuyamba mafinya. Kuchipatala cha ku Makwasa adokotala anachotsa mnofu wowola, nachenjeza kuti likapanda kusintha adula mwendo. Miyezi itatu akazi awo, a Fainess, ndiwo ankalitsuka m'mawa uliwonse, mpaka tsiku limene anangogwa ali kumunda, osadzukanso.

"Masula iweyo, ndiwe wamkazi," anatero mchimwene wake Justice, ataima pakhomo chikwama chili paphewa. "Ine mawa akundifuna kuntchito ku Limbe."

"Achimwene, ababa ndi anga ndekha? Nanga tikapeza phazi lada?"

"Mukulimbana chiyani?" a Elson anafunsa. "Ine kumeneko sindimva kanthu. Masulani."

Justice anatula chikwama, nagwira mwendowo. Lestina anamasula pang'onopang'ono, akudikira fungo la mafinya lija ankalidziwa. Silinabwere. Bala linali lofiira bwino, litachepa ngati chikhadabo, m'mbali khungu likumera.

Sanadalire maso awo. Anaitana kabaza, ndipo masana omwewo adokotala anakanikiza phazi, nayeza shuga.

"Mwendo uwu sitidula," anatero. "Koma musadzadumphitsenso tsiku. Amatsuka ndani?"

"Anali amayi," Lestina anayankha.

"Pakati pa sabata atsuka mlongo wangayu," Justice anati. "Loweruka ndi Lamulungu ndizibwera ine." Kenaka anaseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro, misozi ili mbwembwembwe.

Kutacha, Lestina atamanga bandeji yatsopano, anapeza bambo ake akhala pakhonde, nsapato zili patsogolo pawo, osavala.

"Mukudikira chiyani, ababa?"

"Mayi ako ankayamba apisamo dzanja," anatero a Elson. "Ankati phazi losamva limafuna wolimvera."

Lestina anatola nsapato yakumanzere, napisa dzanja mpaka kumene kumafika zala. Munalibe kanthu. Mu yakumanja anatulutsa kamwala kochepa ngati njere ya mapira. Anakaponya m'munda wa tiyi, nawaveka.