Uchi Womaliza wa Bambo

"Botolo langa la uchi lili kuti?" ndinafunsa mutu uli m'kabati, manja akugwetsa zitini za mchere ndi tiyi.

Mwamuna wanga anayankha ali pasinki, osacheuka n'komwe. "Ndabwezera eni ake."

Munthuyu anali atasiya kudya chilichonse chochokera ku zinyama. Anayamba ndi nyama yeniyeniyo, kenako mazira, kenako mkaka, mpaka lamba wachikopa anapatsa mlamu wake. Ine sindinalimbane naye. Ndinazolowera kutereka miphika iwiri, ndipo abale akamamuseka kuti wasanduka mbuzi, ndinkamuikira kumbuyo. Koma botolo limenelo silinali la m'sitolo. Bambo anga ankaweta njuchi, ndipo uwu unali uchi womaliza umene anafula asanadwale matenda amene anawatenga. Amayi anatigawira ana tonse, aliyense botolo lake. Alongo anga anakombeza awo misozi isanaume. Langa ndinkalitsegula pokhapokha tsiku likandilemera, n'kunyambita kansonga ka supuni, basi.

"Eni ake ati?"

"Njuchi. Mayi a mwana, nkhaniyi tinakambirana kale. Uchi ndi chakudya chawo, zimavutikira zokha. Anthufe timangozithira utsi n'kuzilanda. Chinthu chakuba sichingamakhale m'nyumba muno."

"Tinakambirana? Munkalalikira ndinu, ine ndikusita malaya anu. Ndiye mukuti bambo anga anali mbava?"

"Sindinatero ayi."

"Mwatero. Munthu amene anakulandirani pakhomo pake nsapato zanu zikuseka kutsogolo, mwadikira agone m'manda kuti mumutche mbava."

Anapukuta m'manja pang'onopang'ono, atavala nkhope ija ya munthu amene wakukhululukira usanapepese. Nkhopeyo inandipsetsa mtima kuposa mawu ake. Akanakhala kuti wadya uchiwo mobisa, ndikanamukalipira n'kuiwala, poti njala ndi dyera tonse timazidziwa. Koma iye anatenga changa, cha malemu, kuti akayeretsere mtima wake.

"Lili kuseri, pampanda," anatero. "Ndalitsegula m'mawa kuti zizidzatenga zokha."

Ndinatuluka osavala nsapato. Ndisanakhote pakona ndinamva kulira kwa njuchi, ndipo mayi woyandikana nafe anali pakalikiliki kuanula zovala zosauma, nsalu atafunda kumutu.

"Anzathu, mwatiitanira alendo anji kuno?" anandifunsa. "Mwana wanga zamuluma kale pakhutu."

Ndinangomudutsa. Botolo linali pamwamba pa njerwa, padzuwa, kukamwa kuli yasa. Njuchi zinabweradi, za kwina, zimene bambo anga sanaziwetepo. Zamwayi zinali zitakoka uchi wambiri n'kupita nawo. Zinazo zinkatera pamlomo pa botolo, kuterereka, n'kugwera m'kati momwe dzuwa linali litasungunula zonse. Pansi pa botolo panali bii. Zambiri zinali zitafa kale, zina zikuphiriphitabe, mapiko atamatirira kumsana, ndipo nyerere zinali zitandanda mzere kukwera khoma. Uchi wotsalawo unali phala la miyendo ndi mapiko.

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwaulemu ayi.

"Bwerani kuno," ndinaitana mwamuna wanga. "Dzaoneni eni ake aja."

Anabwera, n'kusuzumira m'botolomo. Nkhope ya kukhululuka ija inachoka.

"Ndimayesa zingomwa n'kumapita," anatero chapansipansi.

"Mukanandifunsa."

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana. N'chifukwa chake munadikira ndipite kuntchito. Ng'ombe mumaimvera chisoni, nkhuku mumaimvera chisoni, ndi njuchi yomwe. Ine amene ndimagona nanu chipinda chimodzi ndili pamzere uti?"

Anatola kamtengo pansi, n'kutsitsa botolo, n'kugwada pafumbi ndi buluku lake la kuntchito. Anayamba kuvuula njuchizo imodzi imodzi, kuziika pachivindikiro, n'kumaziuzira mpweya ngati moto wa makala. Palibe inauluka. Kamtengo katalephera kufika pansi analowetsa zala, ndipo potulutsa dzanja lonse linali noninoni.

Anakhala chogwada choncho, dzanja lili m'malere. Kunyambita sakanatha, kukasamba ine ndikuona sakanayerekeza. Uchi wa bambo anga unatsika pang'onopang'ono pamkono wake, kufika pachigongono, n'kuyamba kudonthera pafumbi.