Waya wa Kuseri

Mumsewu umene ankakhala a Ghinwa ku Tripoli, magetsi a boma ankangosuzumira ola limodzi kapena awiri, basi n'kupita. Nthawi yotsalayo anthu ankadalira jenereta ya a Mounzer, akulu ake a malemu amuna awo a Ghinwa. Jeneretayo inali yokalamba, yautsi, ndiponso yaphokoso, moti ikazima msewu wonse unkadziwa chifukwa cha bata.

Amuna awo atamwalira, a Ghinwa anayamba kukonza kibbe, nyama yosinja pamodzi ndi tirigu, n'kumasunga mufiriji kuti azigulitsa kwa amayi apantchito. Nyengo yotentha itafika, jenereta ija inazima masana atatu otsatizana. Tsiku lachitatu atatsegula firiji, fungo linawabweza m'mbuyo. Anakulunga zonse m'matumba akuda n'kukataya kumsewu wina, kuti alamu awo asaone.

M'mawa mwake anapita kwa Rabih, mwamuna wolankhulalankhula amene anali atangoika jenereta yatsopano kumsewu wakumunsi. Madzulo omwewo Rabih anafika ndi waya paphewa.

"Ndidutsitse kutsogolo, mayi?"

"Ayi. Kuseri, kumene kuli mapaipi a madzi."

Rabih anaseka. "Inunso? Theka la mabanja a m'nyumba yosanjikizana ino lili kwa ine, ndipo aliyense amati kuseri. Khoma lija ladzaza, mwina wanuwu ndiupachike pa zovala zoyanika."

A Ghinwa sanaseke. Waya wa alamu awo sanauchotse. Anangopempha kuti pakhale swichi yosinthira kuseri kwa chitseko, ndipo anapachikapo chikhoto cha malemu.

A Mounzer ankabwera Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, kudzamwa khofi ndi kufunsa ngati m'nyumba muli bwino. Anayamba zimenezi sabata imene anaika mng'ono wawo m'manda, ndipo sanadumphepo. Choncho Lachisanu likafika, a Ghinwa ankabwezera swichi ku jenereta yakale, alendowo akapita n'kusinthanso. Anachita zimenezi milungu isanu.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi anali ndi kibbe ya ukwati, firiji itadzaza mpaka kuchitseko. Anaima pa swichi paja, dzanja lili m'mwamba, n'kukumbukira matumba akuda aja. Anaisiya mmene inalili. Ankaganiza kuti khofi ndi wa theka la ola chabe.

A Mounzer anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, pansi pa fani, akudandaula za mawondo. Ali pakati pa nkhani, jenereta yawo inatsokomola kawiri panja n'kuzima. Anaika kapu pansi kuti anyamuke, koma anaima. Fani inali ikuzungulirabe pamwamba pa mutu wawo. Kukhitchini firiji inali ikung'ung'udza bwinobwino.

"Boma lakukondani lero, alamu," anatero.

Kenako anayang'ana kababu kofiira pamwamba pa chitseko, kamene kankayaka magetsi a boma akabwera. Kanali kozima.

A Ghinwa anafuna kudzuka kuti azimitse faniyo, ngati kuti zikanathandiza.

"Ndi a Rabih," anatero chapansipansi.

"Kuyambira liti?"

"Mwezi wathawu. Nyama inandiwolera, alamu. Yonse."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati?"

A Mounzer ankatembenuza kapu pa mbale yake. Zikhadabo zawo zinali zakuda ndi mafuta amene sopo sankachotsanso.

"Ndiye ine ndinkabwera muno n'kumadzitama kuti ndikukusamalani," anatero, "inu mukuthamangira kuchitseko kukasintha swichi ngati mukubisa wakuba."

"Sindinkafuna kukukhumudwitsani."

"Kumanda kuja ndinanena pamaso pa anthu kuti nyumba ya mng'ono wanga sidzakhala mumdima. Mwina munaseka mumtima."

"Ayi, alamu. Musatero."

A Mounzer anapempha kuti aone wayayo. A Ghinwa anawatsogolera pakhonde lakuseri. Kumeneko a Mounzer anaona khoma lonse: mawaya atsopano, akuda bii, akukwera kuchokera pansi mpaka kunsanjika yapamwamba, uliwonse kulowa pawindo la munthu amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse. Mayi wina wapamwamba amene ankayanika zovala atawaona, analowa m'nyumba n'kusiya beseni.

A Ghinwa ankadikira kuti akalipe. Zikanawapepukira. Koma bamboyo anangoyandikira pamene waya watsopano wa a Ghinwa unalumikizidwira, n'kuugwedeza ndi chala.

"Wamanga ngati akuthawa," anatero. "Mvula yoyamba ikagwa, apa pagwira moto. Bweretsani mpando, ndipo muzimitse kaye."

Anatulutsa pulayala ndi tepi m'thumba la malaya awo a kumzikiti. A Ghinwa anagwira mpando ndi manja onse awiri, maso ali pansi, pamene alamu awo ankakonza waya wa munthu amene ankawalanda makasitomala. Thukuta linkadontha pa simenti. Panja anthu ankaitana dzina la a Mounzer, kufunsa kuti jenereta iyaka nthawi yanji, koma iwo sanafulumire.

Atatsika anapukuta manja. "Wanga uja ndibwera kudzachotsa mawa. Musamasunge mawaya awiri chifukwa cha nkhope yanga."

Anabweradi, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuchotsa waya wawo kutsogolo aliyense akuona. Lachisanu lotsatira sanafike, ngakhalenso linzake. A Ghinwa anayamba kuzungulira njira yakumunsi popita kumsika, kuti asadutse pa kanyumba ka jenereta.

Mlungu wachitatu analephera kupirira. Anatenga thabwa lodulirapo nyama limene linali litang'ambika, n'kupita nalo kumeneko. Anawapeza a Mounzer atakhala pa chigubu, makina ali mbwee pansi.

"Alamu, ichi chingakonzeke?"

A Mounzer anayang'ana thabwalo, kenako anayang'ana iwo. Onse awiri ankadziwa kuti latsopano likupezeka pakona pomwepo.

"Lisiyeni," anatero. "Ndilibweretsa ndekha."

Analibweretsa patapita masiku anayi, atalikhoma ndi tizitsulo tiwiri. Analowa, anamwa khofi, anakamba za mwana wamkazi wa a Mounzer amene ankafuna kupita kunja. Za magetsi sanazitchule. Dzinja litafika a Mounzer anagulitsa jenereta ija ngati zitsulo zakutha n'kuyamba kukonza mapampu a madzi. Nyumba yawo nayo inalowa kwa Rabih, koma a Ghinwa anamva zimenezo kwa anthu ena, ndipo sanawafunse.