Pepala Lachisanu M'chitini

Mwambo wa chitini ndidauyambitsa ndine, ndipo mlanduwo ndikuuvomera. Nditabwerako ku yunivesite ndi digiri koma wopanda ntchito, ndidaona kuti banja lathu likusowa chochita pa 1 Januwale. Ndidatenga chitini chakale cha mkaka wa ufa n'kuboola chivundikiro chake. Lamulo lidali lakuti aliyense alembe papepala chinthu chimodzi chimene achite m'chaka chatsopanocho, asalembe dzina, aponye m'chitini. Chaka chikatha tidzatsegule, tidzawerenge, tidzapeze mwini pepala, kenako tidzamuseke.

Tidali anayi m'nyumba ya kampani ya shuga ku Dwangwa: bambo anga a Useni, amene adayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe kwa zaka makumi atatu, mayi anga a Asiyatu, mchimwene wanga Ramsey, kalaliki wa pa sikelo yoyezera nzimbe, ndi ine Sumaiya. Amayi sadapiteko kusukulu, choncho pepala lawo ndidawalembera ndine.

Tsiku lotsegula chitini kudacha ndi mvula. Tidakhala pabalaza tikumwa tiyi, ndipo bambo adali osangalala kuposa tonse. M'mwezi wa Malichi amayenera kupuma pantchito n'kubweza nyumba ya kampani. Iwo ndi amayi amayenera kusamukira kwawo kwa bambo ku Machinga, kumene adamanga nyumba pamalo a mlongo wawo. Nyumbayo idangotsala denga. Malata makumi atatu adagula kale, koma chifukwa m'nyumba ya kampani mudalibe malo, adawasungitsa ku Kanyenda, kwawo kwa amayi, kwa malume anga a Yahaya. Ankadikira lole yobwerera kummwera yopanda katundu.

Ndidatulutsa pepala loyamba. "Ndisiya kukangana ndi anthu za mpira."

"Ameneyo ndi uyu," adatero amayi, akuloza Ramsey ndi supuni. "Dzulo lomweli wabwera wopanda mawu ngati tambala wonyowa."

"Sikunali kukangana kuja, amayi. Ndimawaphunzitsa."

Lachiwiri lidati, "Ndipeza ntchito." Onse adandiyang'ana. Ramsey adaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Tiyeni tidumphe, pamaliro saseka." Ndidamugenda ndi chivundikiro.

Lachitatu lidali la amayi, lolembedwa ndi dzanja langa: "Ndichepetsa shuga mu tiyi." Nthawi imeneyo n'kuti amayi akuthira supuni yachitatu. Sadaime n'komwe.

Lachinayi lidati, "Ndifolera nyumba ya ku Machinga." Bambo adakweza manja. "Lole, ana inu. Lole ndiyo yandigwiritsa mwala. Koma Malichi asanafike, Inshallah."

Tonse anayi tidalephera, ndipo tidali okondwa. Ndidapendeketsa chitini kuti ndiwaonetse kuti chatha. Mudagwa kapepala kena, kopindidwa kangapo mpaka kuchepa ngati njere ya chimanga.

Anthu anayi, mapepala asanu. Ine ndimakonda zinthu zozunguza mutu zoterezi, choncho ndidakatambasula ndikumwetulira, n'kuwerenga mokweza ndisanaganize.

"SINDIPITA KU MACHINGA. NDIMANGA YANGA KU KANYENDA."

Kapu ya bambo idaima pakati pa tebulo ndi pakamwa. Ramsey adayang'ana ine, ine ndidayang'ana pepala. Amayi ankatakasa tiyi wawo.

"Bwereza," adatero bambo.

Ndidabwereza. Sizidasinthe.

"Mawuwo ndawamva mwini wake," adatero pang'onopang'ono. "Koma mayi anu salemba. Ndiye funso langa ndi limodzi. Wawalembera ndani?"

"Ine ayi, ababa," adafulumira Ramsey. "Zolemba zanga mumazidziwa, ngakhale ine sindiziwerenga."

Maso a bambo adafika pa ine. "Sumaiya. Chitini ndi chako. Mwambo ndi wako. Ndidakutumiza kusukulu kuti udzandipasulire banja?"

"Ababa, ndikulumbira, sindinalembe ine."

"Ndiye walemba ndani? Khoswe?"

Ndidaliyang'ananso pepalalo. Zilembo zidali zikuluzikulu, chilichonse chili pachokha, chofanana msinkhu ndi chinzake, ngati chatsekeredwa m'kabokosi kosaoneka. S adayang'ana kumbuyo. Ndidaziwonapo zilembo zimenezo. Ndili ndi buku la masewera odzaza manambala m'timabokosi, ndipo chaka chatha chisanayambe ndinkapeza masamba ena atadzazidwa ndi zilembo zopanda tanthauzo, A, A, A, S, S, S, chilichonse m'kabokosi kake. Ndidakalipira Ramsey kwa mlungu wathunthu. Pensulo yanganso idasowa kawiri.

"Amayi," ndidatero. "Buku langa lija..."

Amayi adaika supuni pansi. Adatenga bolopeni imene idali m'thumba la malaya a Ramsey, adatembenuza pepala la bambo lija, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Adatenga nthawi. Lilime lidatuluka pang'ono pakona ya mlomo. Atamaliza adalikankhira pakati pa tebulo. ASIYATU. S yemwe uja, woyang'ana kumbuyo.

"Subhanallah," adatero bambo.

"Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse tikamaliza madrasa ya amayi, kumabwera mphunzitsi wa sukulu ya kwacha," adatero amayi. "Tsopano zaka ziwiri."

"Bwanji osandiuza ine?" ndidafunsa. Zidandipweteka kuposa mmene ndimayembekezera. "Ndikanakulemberani."

"Iwe? Pakamwa pako ndi chitseko cha minibasi, sipatsekeka. Bambo ako akanamva tsiku lomwelo."

Bambo adakankha kapu. "Make Ramsey, nkhani yaikulu chonchi, kuibisa m'chitini cha mkaka? Osandiuza ine mwamuna wako?"

"Ndidakuuzani katatu, abambo a Ramsey. Koyamba mudati tikambirana. Kachiwiri mudati mutu ukupweteka. Kachitatu mudayatsa wailesi. Ndiye ndidaona kuti m'nyumba muno chimamveka ndi cholembedwa. Kampani ikakulemberani kalata mumaiwerenga mutaimirira."

"Ku Machinga kwalakwa chiyani? Si kwathu?"

"Ndi kwanu. Malowo ndi a mlongo wanu, ndipo adzakhala a ana ake. Inu mukadzatsogola, adzandisunga bwino mpaka sadaka ya arobaini, masiku makumi anayi. Ikadzatha adzandifunsa mwaulemu ngati ndikukumbukira pokwerera basi ya ku Nkhotakota. A Rahila a nyumba yachitatu apa mwawaiwala? Adapita ndi lole yodzaza, adabwerera ndi mtolo umodzi pamutu. Ine munda wa mayi anga uli ku Kanyenda. Kumeneko palibe adzandifunse za basi."

Bambo adayang'ananso pepala lija. Kenako adaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza potulukira.

"Chabwino. Ndi pepala chabe. Uyu akukanganabe za mpira, uyu ntchito alibe, iwe shuga ndi uyo. Za m'chitini palibe amazikwaniritsa."

"La shuga lidali la Sumaiya, ndidangomupatsa kuti akhale ndi cholemba," adatero amayi. "Langa ndakwaniritsa."

"Wakwaniritsa chiyani?"

"Njerwa tidaumba mu Juni, tidaotcha mu Ogasiti. Mumati ndikupita kukaona mpunga. Mpunga wanji mu Ogasiti, abambo a Ramsey?"

Ndidatseka maso. Ine amene ndimadzitama kuti palibe chondizemba, ndidawaperekeza amayi pokwerera minibasi kasanu konse, nditawanyamulira chikwama, osafunsa kuti mpunga umenewo ndi wamtundu wanji.

"Makoma si nyumba," adatero bambo. "Mvula yonseyi, makoma opanda denga agwa kale."

Amayi adamwa tiyi.

Ramsey ndiye adayamba kuzindikira. Adagwira pakamwa. "Ababa," adanong'ona. "Malata."

Sindidawaonepo bambo akuvala nsapato mwachangu chotero.

Tidakwera minibasi ya ku Kanyenda. Bambo adakhala kutsogolo, khosi lili gwa. Amayi adakhala pambali panga, chitini chili pamiyendo pawo. Sindikudziwa chimene adachitengera. Tidatsika pa Kanyenda mvula ikuwaza, n'kulowa kanjira ka pakati pa minda ya chinangwa.

Nyumbayo tidaiona tili patali, chifukwa denga lake linkawala ngakhale kudalibe dzuwa. Njerwa zootcha, zipinda zitatu, mawindo otsekedwa ndi mapepala apulasitiki. Malume a Yahaya adatiwona tikubwera ndipo adayesa kuzembera kuseri kwa nkhokwe, koma adachedwa.

"Alamu!" adafuula bambo.

"Alamu, mwafika bwanji? Chaka chabwino. Ine ndidangogwira makwerero."

Bambo adangowadutsa. Adazungulira nyumbayo akuwerenga ndi chala, mvula ikuwatsikira m'khosi. Adabwerera pamene tidaima.

"Makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Awiri ali kuti?"

Amayi adawatsogolera kuseri. Kumeneko kudali kakhonde kofoleredwa ndi malata awiri, pansi pake pali benchi, ndowa yotawazira asanaswali, ndi msomali waukulu kukhoma wopachikapo wailesi.

"Apo ndi panu," adatero amayi. "Ngati mukufuna. Ngati simukufuna, zulani malata anu, ine ndifolera ndi udzu. Koma ku Machinga sindipita."

"Ndikhale mkamwini ine? Pamudzi pa mkazi, imvi zili mbuu? Anzanga akamva adzati chiyani?"

"Ine ndakhala mlendo m'nyumba ya kampani zaka makumi atatu. Sindinafe."

Mvula idakula, ndipo tonse tidathawira m'nyumba. Mudali fungo la dothi ndi matabwa atsopano. Bambo adaima pakati pa chipinda, manja kumbuyo, osayang'ana aliyense. Ndinkaopa kuti akatsegula pakamwa atchula ankhoswe, ndipo ukwati wa makolo anga uthera pa chitini changa cha mkaka.

Dontho lidawagwera padazi. Kenako lina.

Adayang'ana kumwamba. Nkhope yawo idasintha kuposa mmene idasinthira pa pepala lija.

"Wakhoma ndani malatawa?"

Malume adakhosomola. "Kalipentala adadwala, alamu. Ndiye ndidati, kukhoma msomali n'chiyani..."

"Mwakhoma m'ngalande! Msomali umakhomedwa pamsana pa lata, pokwera, osati modutsa madzi! Yahaya, mwana wa sitandade wani amadziwa zimenezi! Malata anga atsopano mwawasandutsa sefa!"

"Ndimaona ngati m'munsimo ndi mogwira bwino."

"Mogwira bwino! Ramsey, tenga beseni. Ayi, uko, pakona. Taonani, apanso!" Ankayenda chipinda ndi chipinda akuloza, mawu akukwera. "Loweruka ndibwera ndi phula ndi misomali yanga. Munthu asakwerenso padengapa. Ndipo chitseko ichi mwachichepetsa, bedi lathu lija lilowa bwanji?"

Tonse tidawayang'ana. Bambo nawonso adamva zimene adanenazo, ndipo adaima. Adapukuta dazi ndi chikhatho, n'kukhala pansi pa mulu wa njerwa zotsala.

"Nanga mlongo wanga ndikamuuza chiyani?" adafunsa, mawu atatsika.

"Mulembereni kalata," adatero amayi. "Ndikuthandizani."

Kenako adatembenukira kwa ine n'kupempha pepala. Ndidang'amba tsamba m'kabuku kanga. Adalemba atatifulatira, nthawi yaitali, mizere yoposa iwiri. Adalipinda mpaka lidachepa ngati njere ya chimanga, adaliponya m'chitini, n'kukanikiza chivundikiro ndi chigongono.

Atatu tonse tidangoti maso pachitinicho.

"Sumaiya," adatero bambo osachotsapo maso. "Lamulo lako lija limati mpaka chaka chithe?"

"Eya, ababa."

"Udalikhwimitsa kwambiri," adatero.