Ndani Anafundika Usipa wa Tausi?

Padoko la pa Mkuyu, kufupi ndi Senga Bay, panali lamulo limene ngakhale mbuzi zikanaliseka: munthu asakhudze thandala la mnzake. Kale mvula ikayamba kudontha, amayi ankathamanga ndi mapepala a pulasitiki kufundika usipa wonse woyanikidwa pamathandala, osafunsa kuti uwu ndi wa yani. Koma chikhalireni a Latif pampando wa komiti ya doko, zimenezo zinatha. Iwo ankati akuthetsa kuba. Chimene ankathetsa kwenikweni ndi macheza, chifukwa amayi akamafundikirana nsomba amayankhulana, ndipo akamayankhulana amayamba kufunsa mafunso.

Mafunsowo analipo ambiri. Chisankho cha komiti chinali chitaiwalika. Bwato lililonse likakocheza, beseni loyamba la usipa linali la a Tcheya. Wogawa mathandala anali iwo, wolanda analinso iwo. Wodandaula ankapeza thandala lake litagumulidwa ndi anyamata achitetezo, amene mkulu wawo anali Haruna, mwana wa mayi Karima a padoko pomwepo.

Tausi, mmodzi wa amayi oyanika usipa padokopo, analibe nazo ntchito zonsezi. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi Zulfa.

Awiriwa anakulira limodzi, kusukulu limodzi, kumadarasa limodzi. Koma taonani lero! Thandala la Zulfa linali m'mbali mwa msewu, pamene dzuwa limafika msanga ndiponso pamene ogula ochokera ku Lilongwe amatsikira minibasi. La Tausi linali kumapeto, kumabango, pansi pa mthunzi, kumene akhwangwala ankachitira misonkhano yawo. Usipa wa Zulfa unkawala, wa Tausi unkada. Zulfa akaseka, doko lonse linkaseka naye, pamene Tausi akanena nthabwala anthu ankafunsa kuti, "Mwati bwanji?" Zinkamuwawa, ndipo zinkamuwawa kwambiri chifukwa Zulfayo sanamulakwirepo kanthu.

Tsiku lina akuchapa kunyanja, Zulfa anatsitsa mawu n'kuuza amayi amene anali pafupi kuti, "Anzanga, bwanji tipemphe chisankho? Mpandowu si ufumu ayi." Aliyense anangolimbikira kufikisa chovala chake, koma Tausi anawasunga mawuwo.

Sipanapite nthawi, a Latif anaima pathandala la Tausi la kumabango, manja ali kumbuyo.

"Mayi a Hidaya, inu ndinu munthu wolimbikira," anatero a Latif, pomutchula ndi dzina la mwana wake. "Wallahi, zimandimvetsa chisoni kukuonani kuno. Ena malo abwino ali nawo, koma kuyamika alibe. Masiku ano munthu aziona za ana ake. Mnzanu sangakudyetsereni ana. Kodi simunamvepo kalikonse?"

Tausi anawatsina khutu. Sanawonjezere, sanachotsere, ndipo ndi zimene ankadzitonthoza nazo: kuti sananame. M'mawa mwake Zulfa anathamangitsidwa padoko chifukwa chosokoneza mtendere, ndipo thandala la m'mbali mwa msewu linaperekedwa kwa Tausi.

Usipa wake unayambadi kuwala. Hidaya, mwana wake, anasiya kupita kusukulu ndi njala. Koma chimwemwe chake chinali ndi mchenga. Wogula aliyense akatsika minibasi ankayamba ndi funso lakuti, "Kodi a Zulfa ali kuti?" Amayi anzake ankamupatsa moni wa pamwamba pa mano. Choipitsitsa, Zulfa anayamba kukazinga zitumbuwa kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi thandala lomwelo, ndipo kumenekonso anthu ankaima pamzere. Tausi ankayang'ana mzerewo mtima ukutentha. Munthu wamtundu wanji amene ngakhale umulande zonse amasekabe?

A Latif nawo sanapereke thandala laulere. Lero, "Mayi a Hidaya, mukatithandize kuphika, kwabwera alendo." Mawa, "Kodi mayi Karima amanena chiyani pa mjigo?" Tausi akazengereza, iwo ankangosisita nsungwi za thandala lija n'kunena kuti, "Malo ano ambiri akuwafuna."

Amene anamuyankhula mosapsatira ndi aphunzitsi a Rosemary a ku Maganga, amene anaphunzitsa Tausi ndi Zulfa ku pulayimale. Anali atapuma ntchito, ndipo ankabwera panjinga kudzagula usipa.

"Wakwera udindo, Tausi," anatero akusankha nsomba.

"Ndi Mulungu, aphunzitsi."

"Usamunamizire Mulungu. Tamvera. Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika. Ukuganiza kuti otilondera anali ambiri kuposa ife? Ayi. Tinkalonderana tokha. Munthu ankakaneneza mnzake, osati chifukwa chokonda boma, koma chifukwa mnzakeyo wakhoma malata. Wopondereza alibe maso okwanira, mwana wanga. Amabwereka maso a anthu ansanje."

"Ine sindinaname," anatero Tausi, nkhope ili pansi.

"Ndikudziwa. Nawonso aja sankanama nthawi zonse."

"Nanga zinatha bwanji?"

"Aliyense ankang'ung'udza m'nyumba mwake, akuganiza kuti ali yekha. Kenako ena analankhula poyera, tinayang'anana, n'kuona kuti wotopa si mmodzi. Mantha a munthu mmodzi ndi aakulu, koma mukawagawana anthu ambiri amachepa. Ndipo otumidwa kukamenya akaona kuti pagulupo pali mayi awo, mkono umalemera. Sitinawotche nyumba ya munthu. Tinakaponya voti."

Tausi anawapatsa usipa wawo mwaulemu, koma mumtima anati: nawonso aphunzitsi amakonda Zulfa, kuyambira kale ankamupatsa iye choko kuti alembe pabolodi.

Mvula inabwera Lachisanu masana, amuna onse ali kumzikiti. Tausi anali kunyumba kwa a Latif, akuphikira alendo mpunga. M'mawa umenewo anali atayanika usipa wodzaza thandala lonse, umene anagula atagulitsa mbuzi yake yomaliza. Atamva madontho padenga, anasiya mphika pamoto n'kuliyatsa liwiro. Ankadziwa kuti safika nthawi yabwino. Usipa wauwisi ukanyowa umasanduka phala lonunkha, ndipo palibe akanayerekeza kuukhudza.

Atatulukira pamsewu anaima chilili. Zulfa, munthu woletsedwa kuponda padoko, anali atasiya chiwaya chake n'kuwoloka msewu. Anali yekha pathandala la Tausi, akulimbana ndi pepala limene mphepo inkalikoka. Amayi ena anali ataima pamathandala awo, akungoyang'ana. Kenako mayi Karima anaponya mpango paphewa n'kukagwira mbali ina ya pepalalo. Anatsatira wina, n'kubweranso wina. Posakhalitsa doko lonse linali piringupiringu, aliyense akufundika nsomba za mnzake, ena akuseka ngati ana.

Zulfa anadutsana ndi Tausi pobwerera, madzi akuchucha m'nkhope. "Mwali, pepala lako lang'ambika pakona, ulisoke," anatero, n'kubwerera ku zitumbuwa zake zonyowa.

Mukuganiza kuti Tausi anagwetsa misozi yoyamika? Ayi ndithu. Chimene chinayamba kumubaya ndi nsanje yomweyo: ngakhale pa ubwino, Zulfa wamuposanso.

Loweruka m'mawa a Latif anaitanitsa anthu onse pansi pa mkuyu. Nkhani inali itawapeza. Kulanga doko lonse sakanatha, choncho ankafuna mmodzi woti ena atengerepo phunziro.

"Mayi a Hidaya, imirirani," anatero. "Inu munaona. Tiuzeni amene anayamba kuphwanya lamulo, timupereke kupolisi ngati wakuba. Mukakana, thandala lija ligumulidwa lero lomwe."

Tausi anaimirira. Anayang'ana thandala lake, usipa ukuwala padzuwa, wouma bwino, wopulumuka. Anaganiza za Hidaya. Anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene Zulfa anaima atapinda manja. Dzinalo linali pamlomo penipeni, ndipo kulitchula kunali kosavuta, poti anali atalitchulapo kale. Koma nthawi yoyamba ija analitchula kumabango, popanda womuona. Lero maso a doko lonse anali pa iye, ndipo manja onse amene anagwira pepala lake anali pomwepo.

"A Tcheya," anatero, "amene anayamba kulakwa padoko pano ndikumudziwa. Ndine. Ndinakuuzani za Zulfa kuti mundipatse malo ake. Koma za dzulo musandifunse. Wofundika nsomba pamvula si wakuba."

A Latif anatembenukira kwa Haruna. "Gumula!"

Haruna ananyamula chikwanje n'kuyenda kupita kuthandala. Asanafike, mayi Karima anali atakhala kale pansi, atatsamira mwendo wa thandalalo.

"Nanenso ndinagwira pepala," anatero. "Yamba ndi ine, mwana wanga."

"Nanenso!" anatero mayi wina. "Nanenso!" Mawuwo anayenda pagulu lonse, mpaka asodzi amene anali kumzikiti nthawi ya mvula anayamba kunena kuti nawonso anagwira. Haruna anayang'ana mayi ake, anayang'ana a Latif, kenako anaika chikwanje pamchenga.

"A Tcheya, gumulani nokha," anatero.

A Latif anakuwa, anaopseza, anatchula mayina a akuluakulu amene ankati amadziwana nawo. Palibe anasuntha. Anyamata ena okwiya anafuna kukagwetsa mpanda wa nyumba yawo, koma Zulfa anawoloka msewu n'kuwaletsa. "Sitikufuna mpanda wawo, tikufuna chisankho," anatero.

Chisankho chinachitikadi, pamaso pa alangizi a zausodzi, mokweza manja. Atatchula dzina la Zulfa, manja anakwera ngati mabango. Dzanja la Tausi linakwera pomalizira, ndipo linali lolemera, pakuti nsanje sichoka tsiku limodzi ngati chimfine. Koma linakwera.

Madzulo ake, popanda womuuza, Tausi anasonkhanitsa usipa wake m'madengu, n'kusiyira Zulfa thandala lija, n'kubwerera kumabango, kwa akhwangwala ake. Komiti yatsopano inagwirizana kuti malo a m'mbali mwa msewu azisinthana nyengo ndi nyengo, koma nthawi yake inali isanafike, ndipo anayenera kudikira ngati wina aliyense.

Mvula yotsatira itayamba kudontha, Tausi anathamanga ndi pepala lake losokedwa pakona. Anadutsa mathandala onse mpaka anafika pa la Zulfa, amene anali kumsonkhano wa komiti. Anayang'ana usipawo, n'kutsonya.

"Mpaka lero ukuwalabe kuposa wanga," anadandaula yekha.

Anaufundika bwinobwino, n'kutsindira miyala m'makona onse anayi, kenako anathamangira kukafundika wake ndi pepala lina.

Phunziro: Ulamuliro wopondereza, kaya ndi wa dziko kaya wa padoko, umalimba anthu akamaopana ndi kuchitirana nsanje. Umayamba kugwa anthu akasiya kunenezana, akayankhula poyera limodzi, ndipo otumidwa kuzunza anzawo akakana. Kusintha sikudikira kuti mitima yathu iyere kaye, kumafuna kuti tikane kugwiritsidwa ntchito pozunza mnzathu, ngakhale amene timamuchitira nsanje.